Zikomo Bwana, Mng'ono Wanga Wosamva Mwamupezera Mphunzitsi wa Osaona

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Maphunziro a Ana Aulumali m'Boma Lino,
Ofesi ya pamwamba, pothera masitepe.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada. Kalata sionetsa mawondo, koma khulupirirani kuti ndalemba nditagwada, manja ali noninoni ndi mafuta a tsitsi. Ine ndine woluka tsitsi pasaluni yoyang'anizana ndi siteji ya mabasi. Sekondale ndinamaliza, choncho cholembera ndimachigwira ndithu. Amayi amati lilime langa ndi lumo, koma lero ndalisiya m'kabati. Ndabwera kudzathokoza basi.

Ndili ndi mng'ono wanga wa zaka khumi, wosamva chibadwire. Kunyumba timamutcha Gulugufe, chifukwa akayamba kulankhula manja ake satera pansi. Maso ali nawo, akuthwa kuposa anga: amaona ngakhale pamene amayi abisa shuga. Abambo athu ndi atelala, ndipo sabwereza mawu. Anena kale kuti teremu ino ikatha mwanayu alibe mphunzitsi wotha kulankhula naye, za sukulu zithere pomwepo, azikakhala kushopu n'kumasokerera mabatani. Kampando anakadula kale miyendo kuti kamukwane. Ndiye ndati ndithokoze msanga, mwana akadali wa sukulu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mphunzitsi. Tinayamba kukupemphani pamene Gulugufe anali asanagweluke mano. Munatiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinadekha, ndipo chaka chino nkhono ija yaphenya. Kusukulu kunafika bambo waulemu wake, jekete yosita bwino, atanyamula chimakina cholemera chobowola timadontho papepala, tija amawerenga ndi zala anthu osaona. Atalowa m'kalasi anafunsa kuti mwana wosaona uja ali pati. Ahedi anati pasukulu pano tilibe. Bamboyo anatulutsa kalata yanu. Ahedi anaiwerenga, anaitembenuza, anaona chidindo chanu, n'kunena kuti ngati zili choncho ndiye kuti alipo. Anamulozera Gulugufe, amene nthawi yonseyi ankawerenga tizilembo ta pachikwama cha mlendoyo atakhala kumbuyo kwenikweni kwa kalasi.

Ana amawatcha a Madontho. Ndisawanamizire, ndi munthu wabwino, wosafuna kungowothera dzuwa. Anaphunzitsa chimene amadziwa. Lero mng'ono wanga ndi mwana yekhayo m'boma lino amene amaona bwinobwino koma amawerenga ndi zala. Magetsi akazima, m'nyumba tonse timasanduka mbuli, wophunzira amatsala iye yekha. Kungoti zimene akuwerengazo palibe womufotokozera. Nayenso wawaphunzitsako a Madontho chinenero chamanja. Pano amatha kunena kuti njala, ndatopa, ndi chizindikiro china chimene anawauza kuti ndi moni. Amachipereka kwa ahedi m'mawa uliwonse, akumwetulira. Tanthauzo lake sindingalembe m'kalata yopita kwa akuluakulu.

Chachiwiri, zikomo posakondera. Ndinkayesa kuti mwayi umenewu ndi wathu wokha. Tsiku lina kusaluni kunabwera mayi wogulitsa zipatso. Mukudziwa, Bwana, mutu ukakhala m'manja mwa woluka, pakamwa pamatseguka pokha. Anandiuza kuti ali ndi mnyamata wosaona kusukulu ya kutsidya kwa njanji, ndipo nayenso mwamutumizira mphunzitsi: mayi wodziwa chinenero chamanja, katswiri wotheratu. Mnyamatayo akuti amawakonda kwambiri aphunzitsi akewo, makamaka nyengo yotentha, chifukwa akangoyamba kuphunzitsa kumabwera kamphepo kayaziyazi. Ndinaseka mpaka mzere unakhota. Kenako kuseka kunandithera, ndipo mayi wa zipatso uja ndi amene analipa, chifukwa ndinamukoka tsitsi mpaka anakuwa. Tinayang'anana pagalasi, tonse tinazindikira: wake ali ndi wanga, wanga ali ndi wake. Munthu wina muofesi mwanu analowetsa kalata iyi mu envelopu iyo. Sindikunena kuti ndinu. Inu simugwira maenvelopu, mumangosaina.

Chachitatu, ndiyamikire liwiro la galimoto yanu. Titawauza aphunzitsi awiriwa, anakumana, anagwirana chanza, n'kugwirizana kuti angosinthana mwakachetechete. A Madontho anasenza chimakina chawo n'kuwoloka njanji, mayi a manja aja n'kubwera kwathu. Bwana, sabata imeneyo mukanabwera kunyumba! Gulugufe ankafika manja akuuluka asanavule n'komwe nsapato. Anatifotokozera chifukwa chimene mwezi umachepera. Anagawa nambala yaitali pakhomo la kabati ndi choko cha abambo cholembera nsalu, ndipo anakhoza. Anatiuza nthabwala imene anaimva m'kalasi, yoyamba m'moyo wake kuimva pamodzi ndi anzake osati mawa lake kwa ine. Abambo anaimitsa makina, zimene sachita ngakhale kukabwera apongozi awo. Kenako kampando kaja anakakankhira kuseri kwa chitseko.

Lolemba lotsatira, galimoto yanu inafika. Ija imene nthawi zonse imakhala yopanda mafuta tikapempha kuti mudzaone denga lodontha. Inabwera ndi fumbi lake, woyendera sukulu ali m'kati, ndipo anagwira mlandu waukulu: mphunzitsi wa osamva akuphunzitsa mwana wosamva popanda chilolezo. Kutsidya nakonso anapeza zoopsa zomwezo. Onse awiri analandira makalata owachenjeza chifukwa chothawa pantchito, ndipo pofika Lachitatu aliyense anali atabwerera kwa mwana amene sangamuthandize. Kampando kanatuluka kuseri kwa chitseko. Amene amati ofesi yanu imagona ndi abodza, Bwana. Imadzuka msanga ikamva kuti kwinakwake zinthu zayamba kuyenda.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha mpando wa pakhonde lanu. Ndaukhalira kokwanira, tinazolowerana. Ndinabwera ndi mayi wa zipatso uja, iye atasiya dengu lake ndi mnzake, ine nditasiya mutu wa munthu uli theka. Mlembi wanu, amene tsitsi lake likufunika thandizo koma iyo ndi nkhani ina, anatiuza kuti muli kumsonkhano kuhotela, wokambirana za kumvetsera ana. Tinabweranso. Anati kusamutsa mphunzitsi kumafuna komiti, poti mutu umodzi susenza denga. Ndinafunsa kuti komitiyo imakhala liti. Anati kumayambiriro kwa chaka. Ndinafunsa kuti nanga kulakwitsa kuja kunafunanso komiti? Anandiyang'ana kuyambira kuphazi, n'kunena kuti ofesi sinalakwitse, chifukwa pamakalata onse awiri pali chidindo. Apo ndinagonja. Kusekondale anatiphunzitsa zambiri, koma zokangana ndi chidindo sitinafike.

Ndisaiwale tsiku limene munabwera nokha kusukulu, alendo ali pambuyo. Munalankhula bwino, pachimkuzamawu, kwa nthawi yaitali, za kuti mwana aliyense ali ndi ufulu. A Madontho anaima pambali panu ngati womasulira, ndipo anagwiritsa ntchito zonse zimene amadziwa: njala, ndatopa, ndi moni uja. Potsiriza munawerama, munamusisita Gulugufe pamutu pamene ndinaluka ine, n'kumufunsa mokweza kuti, wamva mwanawe? Anagwedeza mutu, alendo anawomba m'manja. Madzulo Gulugufe anandifunsa ngati bambo wa tayi uja amagulitsa mankhwala a makoswe, poti ndi okhawo amawaona akulankhula motero pasiteji. Ndinamuuza kuti ayi, awo ndi amene amakuyang'anira. Anafunsa kuti akuyang'anira chiyani.

Anthu amati ndimasunga chakukhosi. Ndi zoona pang'ono: mtsikana amene anandiponda phazi tsiku loyamba la sukulu anakwatiwa chaka chatha, ndipo ndinamuluka mothina. Koma inu sindikukusungirani kanthu, Bwana. Ndikungokumbukira, ndipo mutu wanga suiwala msanga.

Tsopano pempho langa, lochokera pansi pa mtima. Teremu yatsala pang'ono kutha. Sindikupempha nyumba yatsopano, kapena mphunzitsi wina, kapena msonkhano. Aphunzitsi alipo, ana alipo, njanji imawolokeka ndi miyendo. Ingolembani kuti uyu apite uko, uyo abwere kuno. Ngati cholembera chavuta, ndabweretsa changa, ndachisiya kwa mlembi.

Ngati zimenezo n'zolemera, pali njira ina yosafuna komiti. Lembani kalata yolamula kuti kuyambira Lolemba mng'ono wanga ayambe kumva n'kusiya kuona, ndipo mnyamata wa kutsidya achite zosiyana nazo. Mayi wa zipatso wavomera kale. Ana tiwauza kuti ndi lamulo.

Koma zonse ziwiri zikakanika, ndikupemphani chimodzi chokha, ndipo ndi chaching'ono. Tsiku lotsekera sukulu mubwere kushopu ya abambo, ili kuseri kwa saluni, simungasochere. Tidzakulandirani bwino, tidzakupukutirani mpando wabwino. Gulugufe adzakhala atavala yunifolomu, poti palibe amene walimba mtima kumuuza. Abambo akuti ndimuuze ine, chifukwa ndine ndimatha manja m'nyumba muno. Ine ndakana. Mudzamuuze inuyo, Bwana, maso ndi maso, kuti sukulu yake yatha, ndipo mudzamufotokozere chifukwa chake. Mudzalankhule mmene mungathere. Ine ndidzaima pambali panu mwaulemu, manja nditapinda.

Ndine wanu wogwada mpaka mawondo atachita zipsera,

Mkulu wake wa Gulugufe,
woluka tsitsi pasiteji ya mabasi.