Tsiku lomwe Luziya anandilengeza mumsika wa ku Tete

Kwathu kuno ku Nsadzo kuli anthu amene akandiona amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Ndatopa kumva nkhani yanga ikukambidwa mokhotakhota, ndiye bola ndiifotokoze ndekha, poti manyazi ake ndinachita kale, otsala palibe.

Mwana wathu Luziya ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Tsiku lina aphunzitsi ake anawaonetsa chithunzi cha mlatho wa pa Zambezi, uja wolendewera pa zingwe ku Tete, ndipo kuchokera tsikulo pakhomo panasowa mtendere. Ndinamulonjeza kuti akakhoza mayeso tidzapita kukauona. (Polonjezapo ndinkadalira masamu, amene ankamuvuta kwambiri. Masamu anandigwiritsa mwala.) Mwana anakhoza.

Ineyo ku Tete ndinali nditapitako kamodzi, ndisanakwatire, kukatenga bilyete, chiphaso chija cha unzika. Ndinakhalako masiku awiri, ndipo nthawi yambiri ndinali pamzere. Koma pa zaka zonsezi ulendowo unakulira m'kamwa mwanga, moti amake Luziya ankayesa kuti misewu ya ku Tete ndinalambula ndine.

Sabata yonse m'nyumba munali ngati mukubwera ukwati. Amake anapha nkhuku yokadya panjira. Luziya anatsuka nsapato zake katatu, ndipo anauza aliyense, kuyambira anzake a kwaya mpaka mbuzi. Ine ndinalemba ndondomeko papepala: kudzuka tambala woyamba, kukwera shapa, minibasi ija yochokera ku Cassacatiza, kufika dzuwa lisanafike pamutu, kuona msika, kuona mlatho, n'kubwerera shapa yomaliza isanatisiye. Ndinatulutsanso kazako (jekete) wanga wa paukwati, wakuda, wokhuthala ngati bulangete.

"Bambo a Luziya, amati ku Tete kumatentha zedi," anatero amake.

"Inu munapitako?" ndinawafunsa. Anangopitiriza kusosola nkhuku.

Chimene ndinalimbikira kwambiri chinali kumuphunzitsa mwana za kusochera. Tikangomaliza kudya ndinkamuimika patsogolo panga.

"Ukasochera utani?"

"Ndiima pomwe ndili."

"Kenako?"

"Ndipeza munthu wamkulu, ndimuuza vuto langa, ndimupatsa kapepala."

Kapepalako ndinalembapo numero ya telefoni yanga, yomwe ndinakopera pa kakhadi kamene kanabwera ndi telefoniyo, ndipo amake anakasokerera m'thumba la diresi. Telefoni yeniyeniyo ndinawapatsa amake kuti aimangirire m'nsalu, chifukwa ndinawauza kuti akuba a ku tauni amapisa m'matumba a amuna okha. (Lamulo limeneli sindikudziwa kumene ndinalitenga.)

Ulendo wopita unakoma. Luziya ankawerenga milambe ndi magalimoto akuluakulu ochokera ku Zambia, n'kumafunsa dzina la phiri lililonse. Ine ndinkayankha onse, mapiri ena ndinawatcha mayina tsiku lomwelo. Koma titayandikira Tete shapa inali itadzaza, moti powoloka mlatho mwana anapanikizika pakati pa matumba a nyemba, ndipo chimene anaona ndi msana wa abambo ena. Luziya anayamba kusisima.

"Usalire," ndinatero. "Tikachoka kumsika tidzauyenda ndi miyendo, kuyambira uku mpaka tsidya."

Titatsika, kutentha kunandilandira ngati ndalowa mu uvuni wa njerwa. Thukuta linkatsika kumsana mpaka m'nsapato, koma kazako sindinavule, popeza amake ankandiyang'ana m'mbali kudikira kuti ndivule. Tinalowa mumsika Luziya akudumphadumpha. Anthu ankalankhula Chinyungwe ndi Chipwitikizi, njinga zamoto zikudutsa mbali zonse, nsomba zikuluzikulu zitayalidwa pamatebulo. Kenako Luziya anaona mwana mnzake wina akunyambita jeladu, zozizira zija zokhala pakamtengo.

Ndinawasiya pakhonde la sitolo ina yogulitsa nsalu. "Musachoke pano. Ndikubwera pompano."

Wogulitsa jeladu anali akukankha kangolo kake n'kukhota. Ndinamutsatira. Anakhotanso, ine pambuyo, kuitana koma osamveka. Ndinamupeza atakhota kachitatu kapena kachinayi, n'kugula jeladu atatu. Nditatembenuka ndinayenda monyadira mpaka pa sitolo ya nsalu. Pakhonde panali agogo ena akusoka pa makina. Sitolo yotsatira inali ya nsalu. Inayo ya nsalunso. Msewu wonse unali wa nsalu.

Apa mukuganiza kuti ndinaima pomwe ndinali. Ayi, ndinathamanga. Ndinkalowa njira iyi n'kutulukira ina, manja atatambasuka, jeladu akusungunukira m'mikono ya kazako. Wofiira anatsikira kumanja, wachikasu kumanzere. Pomaliza ndinaima pakona n'kudya otsalawo onse atatu mofulumira, mano akuchita dzanzi, kuti asapite pachabe.

Kunena kuti ndasochera pakamwa pankakana. Ndinafunsa mnyamata wina wa njinga yamoto m'Chipwitikizi changa cha dzimbiri kuti sitolo ya nsalu ili kuti. Anatambasula dzanja n'kuloza mzinda wonse. Dzuwa linali litapendeka pang'ono. Shapa yomaliza ikatisiya tikagona kuti? Nanga amake, amene sanafikepo mumzinda, ali okhaokha ndi mwana?

Ndinagonja kwa mayi wina wogulitsa madzi, yemwe ankamva Chinyanja. Anandibwereka telefoni yake mwachifundo.

"Tchulani numero, bambo."

Numero ya amake sindinaisunge pamtima, poti telefoni imandisungira. Yangayo ndinaiona bwinobwino kamodzi kokha, tsiku lomwe ndinkaikopera pa kapepala, ndipo kapepalako kanali m'thumba la mwana. Ndinayesa kulota numero n'kuimba. Anayankha abambo ena a mawu okhuthala amene anandiuza kuti mkazi wawo ali pambali pawo pomwepo, ndipo anafuna kudziwa chimene ndikumufunira. Mayi uja anandilanda telefoni yake.

Ndinakhala pa kabenchi kake nditagwira m'mutu. Ndipamene ndinamva chimkuzamawu chapatali, chija amayenda nacho ogulitsa mankhwala a makoswe, chimene munthu amalankhulamo kamodzi icho n'kumangobwereza tsiku lonse. Mawu ake anali a mwana, ndipo ankayandikira.

"Ababa anga asochera. Avala kazako wakuda, ali ndi dazi, ndiponso amaidziwa bwino Tete. Ababa, imani pomwe muli."

Chikapuma, mwini wake ankakuwa ndi pakamwa kuti mankhwala a makoswe, mphemvu ndi nsikidzi alipo. Kenako chinkayambiranso. "Ababa anga asochera."

Anthu onse a pamalopo anasiya malonda n'kuyamba kuunguza. Ndinavula kazako msangamsanga n'kumukhalira. (Dazi lokha ndilo linalibe povulira.) Mayi wa madzi anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumene kunkachokera mawu, ndiye anakwera pa kabokosi n'kukweza dzanja.

"Bwerani kuno, ali pano. Takhala tikuwasunga."

Wamakoswe anafika ali patsogolo, pambuyo pake Luziya, kenako amake, ndiye chigulu cha anthu amene anangotsatira kuti aone bambo wosocherayo. Ena anaomba m'manja. Wina anandigwira dzanja n'kundithokoza chifukwa chopezeka. Chimkuzamawu chinali chikadalengeza za dazi langa, mwini wake akusakasaka pozimitsira.

Maso a amake anali ofiira, ndipo ndinadziwa kuti analira, koma tsopano mapewa ankagwedezeka ndi china. Pambuyo pake anandiuza kuti iwo mutu unaima, koma mwana anangoona wamakoswe akudutsa, n'kumuimitsa, n'kumuuza kuti ndi munthu wamkulu ndipo pali vuto.

Luziya anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anaona malaya a mawanga ofiira ndi achikasu.

"Ababa, bwanji simunaime?"

"Ndinkafuna njira yachidule."

"Nanga jeladu?"

"Anatha."

Anapumira m'mwamba ngati amayi ake enieni. Kenako anandigwira dzanja mwamphamvu n'kufunsa mayi wa madzi njira ya ku mlatho. Unali pafupi, kungodutsa misewu iwiri.

Tinauyendadi ndi miyendo. Galimoto ikadutsa mlatho wonse unkanjenjemera pansi pa mapazi, ndipo Luziya ankaseka n'kumati tidikire ina. Pansi madzi anali otambalala moti bwato linkaoneka ngati khoko la mtedza. Mphepo inkaomba bwino. Anawerenga zingwe mpaka kusokonezeka, anabayibitsa asodzi, anatifunsa ngati madzi onsewo amadutsapo tsiku lililonse ngakhale Lamulungu. Nkhuku ija tinaidyera tsidya, titaima, ndipo shapa yomaliza tinaipeza ikuliza kale injini. Pokwera, mwana anauza kondakitala kuti andiike pakati, osati kukhomo.

Ndinawapempha onse awiri kuti zimenezi zithere m'shapa momwemo. Anavomera. Koma sindinadziwe kuti m'chigulu chija munali mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anapita kukaoda nsalu. Pofika Lamulungu, ana a kwaya ankandipatsa moni wakuti, "Ababa, imani pomwe muli."

Mwezi watha kunabwera mlamu wanga. Akufuna kupita ndi ana ake ku Tete, ndiye anati ndimuuze mayendedwe, poti ndine ndapitako kawiri. Chanzeru chinali kumuitanira Luziya. Ine ndinatenga kamtengo n'kumujambulira msika wonse pansi, misewu yake ndi mokhota mwake, mpaka pomwe pamaima wa jeladu. Anakopera bwinobwino papepala, ndipo akunyamuka Loweruka likubwerali.