Matayala Anayi a Dazi

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka ndikupita ku bwalo la mpikisano wa magalimoto, kunja kwa Leicester, tsiku limene amalola anthu wamba kuthamangitsa magalimoto awo popanda wapolisi kapena kamera. Ndalembetsa anthu awiri: ine ndi mwana wanga Tadala.

Tadala akunyamuka kumapeto kwa mwezi uno. Wapeza ntchito ya unesi ku Australia. Panopa amakhala ku Normanton, ku Derby, pafupi pomwepa, koma timaonana ngati achibale okumana pa maliro pokha. Ndikamuimbira foni timatha mphindi ziwiri: nyengo, ntchito, kenako "apatseni amayi." Chikhalirecho ali wamng'ono ndinkamunyamula paphewa kuseri kwa mpanda wa bwalo lomweli, iye atatseka makutu, n'kumakuwa kuti tsiku lina tidzalowemo. Nthawi imeneyo tinalibe galimoto. Mwezi watha nditamufunsa anangolemba kuti, "Okay Dad." Uthengawo ndauwerenga mpaka manyazi. Mwanayu ndikumusowa asanachoke n'komwe.

Galimoto ilipo: yofiira, ya mipando iwiri, yokalamba koma mtima ulipo. Vuto ndi matayala, akumbuyo atopa. Ofunika ndi omata pokhota koma ololedwa pamsewu, chifukwa kubwaloko ndipita pa galimoto yomweyo n'kubwerera pa yomweyonso. Pa intaneti ndatsala ndi mitundu itatu:

1. Ofewa, omata kwambiri, mizere yochepa. Mvula ikagwa akuti amaterera ngati mlamba.
2. Apakatikati. Aliyense akuwayamikira, ndiye ndikuwakayikira.
3. Olimba, okhalitsa. A munthu amene anasiya kulota.

Kuntchito ndimayendetsa fokolifiti, liwiro lake la mkwatibwi polowa m'tchalitchi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu! Loweruka ndibwezera.

Lachiwiri

Ndalakwitsa kufunsa pa gulu lathu la pafoni la abambo a kumpingo. Mayankho ake:

– "Mukuthamangira kuti pa msinkhu wanuwo?"
– "Wopambana amalandira chiyani?" Ndati palibe, wolipira ndiwe. Munthu sanayankhenso.
– A Nkhoma, mkulu wa mpingo: "Tayala labwino ndi lokhalitsa. Anga ali ndi zaka zisanu, akadali anyamata."

A Nkhoma omwewo ndi amene amatumiza katundu wa anthu kumudzi pa kontena. Andiimbira pambali. "Akalewo musataye, achimwene. Kontena ndikutseka sabata ino, ndipo m'bale wina ku Dedza akuyenda pa nsalu." Ndavomera. Mkulu sumukanira, komanso matayala akale ndikanatani nawo?

Nditaweruka ndadutsa ku Braunstone kwa Mwale, makaniko wanga wa ku Chipata. Wayang'ana zithunzi pafoni n'kupukusa mutu. "Ba mudala, aya ya namba wanu yagwila monga chingamu, koma yasila mwamsanga. Summer imozi chabe."

Chilimwe chimodzi ndi chambiri. Ine ndikufuna tsiku limodzi. Ndikufuna pa kona yoyamba Tadala akuwe, agwire chitseko, kenako aseke mmene ankasekera kale, mano onse panja. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu? Ndaoda oyamba aja. Azanyengo akuti Loweruka kuli mitambo yokha.

Lachitatu

Afika! Anayi, akuda bii, onunkhira ngati nsapato za Khirisimasi. Ukapanikiza ndi chikhadabo akulowa. Mizere ndi iwiri kapena itatu basi, kwinako see, dazi lenileni. Munthu wosadziwa angati atha kalekale.

Mwayi wake amake Tadala ali kuntchito kunyumba ya okalamba. Za Loweruka akudziwa ndipo anavomera, koma za matayala atsopano anakana kale sabata yatha. "Amene alipowo ndi ozungulira, si choncho? Ndiye chavuta n'chiyani?"

Ndiye nzeru zanga ndi izi:

– kumatula masitika onse, mpaka kamata komaliza
– kupaka dothi la m'dimba m'mbali mwake
– kuwaunjika m'shedi kuseri kwa makina otchetchera udzu

Ndachita zonse. Akuoneka ngati otola kudzala. Mwale awaika Lachisanu, akale apite kwa a Nkhoma, ndipo mayi wa m'nyumba muno sanayambe wawerama kuyang'ana tayala chikwatiraneni chathu. Ndikudzitama pang'ono.

Ndapukuta mpando wa Tadala kawiri, ngakhale unali woyera kale.

Lachinayi

Ndabwera kuntchito, ndalowa m'shedi kukawapatsa moni. Makina otchetchera udzu alipo. Ndowa ilipo. Matayala mulibe.

Amake Tadala ali pakhomo la kukhitchini, nkhope yowala. "A Nkhoma anabwera masana ndi vani, akuti kontena akutseka lero. Ndawapatsa akutha aja munabisa m'shedi. Koma inu bambo, munkayenda pa zinthu zadazi chonchija? Ndinali nditakwiya kuti mwagula ena mobisa, koma nditaona dazi lake ndakukhululukirani. Munachita bwino kusintha."

Ndakhululukidwa. Mlandu wake ndi womwewo, umboni ndiye wolakwika.

Ndakhala pa ndowa ija kwa nthawi ndithu. Foni ya a Nkhoma ikungoitana. Pa chakudya amake Tadala andiikira nyama yowonjezera chifukwa chosamala moyo wa banja, ndipo ndadya yonse.

Lachisanu

M'mawa ndapempha kuchedwa kuntchito, ndathamangira kumene amapakirira. Pamalo pa kontena pali bwalo lopanda kanthu ndi zingwe zoduka. Yanyamuka m'bandakucha kupita kudoko.

A Nkhoma andigwira ndi manja awiri. "Mulungu akudalitseni, achimwene. Awiri mwina ayendako pang'ono. Enawo adulamo nsapato, mphira wake ndi wofewa bwino."

Nsapato! Ndiwauze chiyani, kuti ndinapaka dothi zinthu zatsopano kuti ndinamize mkazi wanga? Ndati zikomo. Ine ndi amene ndathokoza.

Masitolo amene ndaimbira: asanu ndi awiri. Saizi ya galimoto yanga ndi yakale, onse akuti Lachiwiri. Wina wati ali ndi awiri a vani.

Mwale waseka mpaka kutsamira khoma. Nditamuuza kuti zonsezi ndi za Tadala wasiya kuseka, walowa pansi ndi tochi kuyang'ana akale aja. "Ili la kumbuyo kumanzere lili pa boda, mudala. Pemphelani wamene a-checking'a akhale na tulo."

Madzi akatayika saoleka. Tadala walemba kuti sitima yake ifika mawa eyiti koloko. Waikapo kachithunzi ka galimoto yothamanga, ndipo kameneka kandipweteka kuposa matayala.

Loweruka

Kulibe mvula. Msewu wouma, kamphepo kabwino, tsiku lenileni la matayala amene ali m'kontena.

Woyendera magalimoto alibe tulo. Ndi mzungu waulemu wa ndevu zotuwa. Wagwada pa tayala lakumanzere, walowetsa kachitsulo m'mzere, wandionetsa mng'alu m'mbali umene ngakhale Mwale sanauone. Akuti pepani, ili silingalowe, ndipo pobwerera muyende pang'onopang'ono. Tadala waima pambali atanyamula zipewa ziwiri zoteteza mutu zobwereka.

Tazibweza. Takhala m'galimoto poimikapo, denga lotsegula, tchipisi pamiyendo, anzathu akuliza mainjini mkatimo. Ndamuuza zonse: masitika, dothi, a Nkhoma, nsapato. Waseka mpaka kutsamwa, misozi mbwembwembwe. Kenako wandigwira pamkono n'kunena m'Chichewa chake chotsimphina, "Adadi, osadandaula."

Ndinali nditakonza mawu sabata yonse. Kuti ndimanyadira. Kuti nyumba izizira. Kuti aziimba, ndipo aziyamba ndi ine asanafunse amake. Zimene zatuluka: "Kumeneko akuti kumatentha." Wati eya, kumatentha.

Pobwerera wapempha makiyi. Wakokera mpando kutsogolo, poti miyendo anatengera amake, n'kumayendetsa mwa unesi, mosamalira tayala lodwala. Pa raundabauti yopita kusiteshoni wapitirira. Ndimati wasochera. Walowa timisewu ta m'midzi, minda mbali zonse, mathirakitala akutidutsa. Pa raundabauti ina wapitiriranso. Sitima ziwiri zapita osamutenga, ndipo palibe amene watchula za sitima. Wakwera yachitatu.

Lamulungu

A Nkhoma anditchula kutsogolo kutchalitchi. Akuti m'bale wathu wapereka matayala, ngakhale akutha, poti Mulungu amaona mtima. Awonjezera kuti abambo tisamadikire mpaka dazi lotere tisanasinthe. Anthu aombera m'manja.

Amake Tadala akudziwa zonse, mwana wawo anawaimbira ali m'sitima. Sanakalipe. Angoti, "Nzeru zayekha," n'kusiyira pomwepo kuti ndimalize ndekha.

Ndayang'ana tsiku lina lotsegulira anthu wamba: ndi mwezi wamawa, Tadala atapita kale. Sindilembetsa. Mawa ndiuza Mwale aike olimba aja, okhalitsa. Omata aja ali m'njira, ndipo miyezi iwiri ikubwerayi munthu wina ku Dedza azikhota bwino kwambiri osadziwa chifukwa chake.

Kutchalitchi ndapita ndi kubwera mawondo akugunda chiwongolero, msana uli njo, chifuwa pafupi ndi hutala. Pa geti amake Tadala andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Bwanji osabweza mpandowo m'mbuyo?"

Ndati wakanirira, mwina dzimbiri.

Sunakanirire.