Tsiku Limene Ndinavundukula Mkwatibwi wa Eni

Nkhani iyi mkazi wanga anandiletsa kuikamba pamaso pa ana, koma manyazi akakalamba amasanduka nthabwala. Ndiye imvani mmene ndinadzichotsera ulemu tauni yathu yonse ya Kafue ikuona.

Chaka chimene fakitale ya feteleza inatichotsa ntchito, anzathu anayamba kugulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Ine ndi mnzanga Kelvin tinagula keyboard ndi kamakina ka ng'oma, n'kudzitcha Mvuu Ziwiri. House music yathu tinkaiphikira m'chipinda cha amayi ake a Kelvin, nkhuku zikutetera pawindo.

Mwamwayi, nyimbo yathu ya "Basi ya ku Shimabala" inalowa pa top ten ya pa wailesi, n'kukwera mpaka nambala 3! Koma wailesi ilibe maso. Tauni yonse inkavina nyimboyo, nkhope zathu osazidziwa. Kondakitala ankaiimbira mluzu uku akundikankha kuti ndisendere. Zinkandiwawa zedi. Ndinkangofuna anthu akwathu andiloze n'kunena kuti, "Ndi uyo!"

Kenaka mwini bala ina yatsopano anatiitana kukaimba Loweruka masana. Show yoyamba! Ndinagula suti yoyera pa salaula, nsapato zoyera, magalasi akuda. Kelvin anakulunga keyboard m'nsalu yonyezimira kuopa fumbi.

Balayo inali kuseri kwa holo, mpanda umodzi, mageti awiri. Tikuyandikira tinamva ng'oma ndi nthungululu.

"Boyi, wamvela? Ni ma fans!" ndinatero.

"Geti yathu ni ija ya kumbuyo," anatero Kelvin.

"Iwe, star sangenela kumbuyo!"

Pageti panatulukira mayi wina wa duku lalikulu. Atangondiona anakuwa, "Babwela! Suti ya white, ni beve!"

Azimayi anakhamukira panja, kuyala zitenje pansi kuti ndipondepo. Wina mpaka kugubuduka! Ine mtima dyokodyoko, misozi ili pafupi. Ndinakweza dzanja ngati phungu wopambana chisankho.

"Mwachedwa maningi, atata," anatero mayi wa duku uja, atandigwira mkono.

"Sorry mami, ma star ndiye mwamene tilili."

"Ehe, ba nthabwala! Na gift ikulu so!" Apo n'kuti akuloza keyboard.

Kelvin anandikoka jekete. "Boyi, muno mulibe mwamuna olo umozi."

"Ndiye house music iyo. Bakazi ndiye bamaikonda."

Pakati pa holo panali mapoto atsopano, mbale, mithiko, mbaula. Ndinati m'mtima, anthu akwathu ndi okonda, mphatso zonsezi chifukwa cha nambala 3! Pamphasa panali chinthu chofundidwa chitenje kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndinadziwiratu kuti ndi chikho.

"Vunukulani pang'ono pang'ono, atata," anatero mayi uja.

Ng'oma zinakolera. Ndinavina kaye pang'ono, n'kugwada, n'kuyamba kupinda chitenje. Ndinaona zala zakumapazi zopaka utoto wofiira. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati, ameneyu ndi mtsikana wonyamula chikho. Ndinavundukula chonse, kwapu!

Mtsikanayo anakweza maso, kundiyang'ana, n'kukuwa, "Mayo! Uyu nindani?"

Ng'oma zii.

Abale anga, inali kitchen party, phwando la azimayi okhaokha, kumene mwamuna amangobwera kudzavundukula mkazi amene akumukwatira. Mayi wa duku anali azakhali a mkwatibwi ochokera ku Chipata. Mkamwini anali asanamuonepo, anangouzidwa kuti avala suti yoyera.

Ndipo mkamwiniyo anavaladi. Anali ataima pakhomo, wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya, chifuwa ngati chitseko.

"Nindani wavunukula mukazi wanga?"

"Bwana, ndise ba Mvuu Ziwili, number three pa..." Ndinacheuka kuti Kelvin andichitire umboni. Kelvin kulibe, keyboard kulibe.

Liwiro lake! Azimayi anatola mithiko pa mphatso zija, kundipirikitsa. Ndinalumpha mpanda, thalauza kwee, n'kugwera m'bala muja. Kelvin anali atalumikiza kale mawaya.

"Mwafika, ba star! Yambani!" anatero mwini bala.

Mbiri imathamanga kuposa basi. Nyimbo yachiwiri isanathe, bala inadzaza thothotho, aliyense kufuna kuona wovundukula akazi a eni. Ankandiloza ndithu, "Ni uja!" Ankaseka, koma ankavinanso. Ngakhale azimayi a mithiko aja analowa, kutimba dansi mithiko ili m'manja.

Kenaka chitseko cha ku Chanyanya chija chinalowa. Ndinabisala kuseri kwa sipika.

"Basi ya ku Shimabala ni yanu?" anafunsa mkuluyo.

"Ni yathu, bwana," Kelvin anayankha.

"Nimaikonda maningi. Muzaliza pa ukwati wanga." Anasuzumira kuseri kwa sipika. "Koma iwe wa suti, uzayang'ana ku chipupa."

Sabata yotsatira nyimbo yathu inafika nambala wani. Ndipo Loweruka la sabata imeneyo, star wa dziko lonse anaimba ukwati wonse atafulatira anthu, mphuno ili pakhoma!

Ukamva nthungululu, yamba wafunsa kuti akululutira yani.