Kholo Lopanda Ndevu

"Ababa, munthu amadziwika bwanji kuti wakula?" Jandira, mwana wanga, anandifunsa tili m'basi ya ku Recife. Ndinati ndimuyankha pobwerera.

Inu, tamverani. Tsikulo ankakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditamulonjeza kanema wa chinkhanu chodya mabwato. Pachithunzi chake panali chikwangwani chachikasu cholembedwa 12, koma ine wa sukulu ya madzulo ndimadziwa lamulo: mwana wosakwana zakazo amalowa ali ndi kholo. Ndiye kholo linadzikonza. Ndinavala malaya atsopano oyera mbee, thalauza la kutchalitchi, n'kumeta tindevu tanga tonse kuti ndioneke wophunzira.

Pakhomo pa nyumba yoonetsera kanema tinapeza Dona Zuleide, mayi wong'amba matikiti.

"Kamtsikanaka kalowe ndi kholo. Lili kuti?"

"Ndine."

Anandiyang'ana kuchibwano. "Iwe? Chitupa."

Ndinapisa m'thumba. Chitupa chinatsala m'thalauza la kuntchito.

"Mayi, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu."

"Ine ndili ndi khumi ndi zisanu. Pita ukaitane amayi ako."

Ndinawalakatulira lamulo lonse ngati ndili pamayeso. Anati mnyamata wanzeru, aphunzitsi ako anyadire. Ndinaonetsa zithunzi za pafoni. Anati achimwene nawonso amajambulitsa. Ndinakhuthalitsa mawu, ndinatsamwa. Bambo wina pamzere anati, "Mwanawe, ndikubwereke ndevu zangazi, ubweze potuluka."

Mkati nyimbo inayamba. Misozi ya Jandira inatsika, kenako mamina, aja aatali osachita manyazi. Mpango ndinalibe. Ndinagwada, ndinasolola malaya anga m'thalauza, n'kumugwira nawo mphuno.

"Mina. Mwamphamvu. Mbali inayo."

Anamina ndi mtima wonse. Ndinapisiranso malaya, n'kumumanga lamba wa nsapato.

Dona Zuleide anang'amba matikiti.

"Lowani, bambo. Zaka makumi awiri ndili pakhomo pano, mchimwene wochita zimenezo sindinamuone."

Za chinkhanucho musandifunse, ndinachionera pakati pa zala. Jandira ndiye ankandisisita pamsana kuti sichenicheni.

Pobwerera m'basi, malaya atandimata pamimba, anandikumbutsa funso lake.

"Mwanangu," ndinatero, "ukadzaona munthu akupereka malaya ake atsopano kwa mphuno ya mnzake, ameneyo wakula. Koma chitupa azitengabe."