Mabasi Awiri m'Chingerezi Changa

Anzanga, ndatopa, ndipo chonditopetsa ndi Chingerezi chomwe sindinachipemphe n'komwe.

Ine ndimaphunzitsa masamu pa shikola ina ku Ntengo-Wambalame. Mphunzitsi wa Chingerezi atasamutsidwa, adiretori, akulu a shikolayo, anandiitana n'kuti, "Apulofesolo, inu munakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, gwirizirani kalasi imeneyi." Ndikanawauza kuti Chingerezi changa cha kothawa nkhondo chinathera pa moni ndi kupempha madzi, koma bambo wa ana anayi ungavomere umbuli pamaso pa abwana?

Tsamba lomwe mnzangayo analekezera linali la mawu amene Angerezi anabwereka ku Chilatini. Kamodzi ndi "fungus", tambiri ndi "fungi". "Cactus", "cacti". "Radius", "radii", amene ndinkamudziwa kale ku masamu. Ndinati aa, basi? Kungochotsa "us" n'kuikapo "i"? Buku ndinatseka, kudimba kachewere ankandidikira.

M'mawa mwake ndinaphunzitsa mwamphamvu, choko mpaka m'zigongono. Mtsikana wina, Rozita, anakweza dzanja. "Nanga 'bus'?" M'buku munalibe. "Bi," ndinayankha osaphethira. "One bus, two bi." Ana anabwereza mokweza mpaka a kalasi yoyandikana nafe anamva. Anafunsa "virus", ndinawapatsa "viri". Anafunsa "bonus", ndinati "boni". Ndinkangogawa ngati mchere, abale!

Sabata yotsatira adiretori analowa ndi mayi ena ochokera ku distritu, oyendera maphunziro a Chingerezi, n'kukhala kumbuyo. Mayiwo anatsegula kope la mwana wina, n'kulitseka, n'kutsegula la wina, kenako anavula magalasi. Ine mumtima ndinati aona khama langa, ndiye ndinakweza mawu.

Apo Rozita dzanja m'mwamba. "Apulofesolo, paja munati 'us' ndi ife, 'I' ndi ine. Ndiye kuti ife tikachuluka timasanduka ine?"

Mayi aja anatuluka atagwira pakamwa, mapewa akugwedera. Panja anandiuza mwaulemu kuti ndi "buses", ndi "viruses", kuti mawu ena anasunga mchira wa Chilatini pomwe ena alibe, umangoyenera kuloweza limodzilimodzi. Anawonjezera kuti mayeso a ana ayandikira, ndiye ndizule zonse zomwe ndinabzala.

Ndikuzulabe mpaka lero. Ana sakundikhulupiriranso, ngakhale ndikanena "fungi", yemwe ndi woona, akumayang'anizana kaye asanalembe. Nkhani inafikanso kwa makolo, kwa makoloko n'kufika kumsika. Dzana ndikuthamangira shapa, kaminibasi kathu kaja, pamsewu, thukuta kamukamu, bambo wina wogulitsa kabichi anandiimitsa ndi nkhope yachisoni.

"Pepani apulofesolo, mwachedwa. Bi ziwiri zadutsa kale."

Ine ndalapa. Mwana akadzandifunsanso mawu osakhala m'buku, ndidzangoti mutu ukundiwawa, ndikagone.