Zikomo Bwana, Tsopano Tikuseka Molamulidwa

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Inshuwalansi ya Mthunzi Wabwino,
Cairo Road, Lusaka.

Wolemekezeka Bwana,

Ine Tryness Ng'andu, kalaliki wanu wa pa desiki yolandira madandaulo, ndikulemba ndi chimwemwe chachikulu. Chibadwire sindinaone chikondi chotere! Mutamva kuti antchito anu akudwala mutu ndi BP chifukwa chopanikizika ndi ntchito, bwana wamba akanangolemba anthu m'mipando iwiri ija yopanda eni. Inu ayi. Munatiitanira katswiri wa kafukufuku, ba Dokotala Stephanie a ku Kabulonga, kuti adzafufuze chimene chikutitopetsa.

Choyamba, tikuthokoza kuti mafunso awo tinkayankha nthawi ya lanchi. Njala inatithandiza kuyankha mwachidule.

Chachiwiri, tikuthokoza zimene anapeza: akuti timatopa chifukwa sitidziwa kukoka mpweya. Ife mbuli tinkanamizira maminibasi a ku Chelstone ndi mauthenga anu a pa foni amene amatipeza Lamlungu tili m'tchalitchi. Mutikhululukire.

Chachitatu, mankhwala ake. Munalamula kuti Lolemba lililonse tizilawirira, tiime mozungulira pamalo oimika magalimoto, tigwire m'chiuno, tiseke. Hahaha! Woseka mwaulesi amaitanidwa ku ofesi. Amayi ogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu ayamba kutipempherera.

Chachinayi ndi ba Mulubwa. Mwina simuwakumbuka: ndi bambo aja a ku Kabwata amene akugwira ntchito ya anthu atatu, amene munawakaniza tchuthi akazi awo atabereka mapasa. Lolemba lapitali anaseka kutiposa tonse. Ife titaleka, iwo osaleka. Analowa mu ofesi akuseka. Anayankha foni ya kasitomala amene nyumba yake inapsa, akusekabe, misozi ili mbwembwembwe, mpaka anagwera pansi pa desiki. Ba Dokotala anawomba m'manja, amvekere umenewu ndiwo umboni woti njira yawo ikugwira. Ife tinawanyamula n'kuthamanga nawo kuchipatala, kumene anamwino atawayeza BP anayang'anana, n'kukatenga makina ena poganiza kuti oyambawo awonongeka.

Ali moyo, bwana, musade nkhawa, ndipo mafaelo awo ndawatenga ine. Tsopano ndikugwira ya anthu anayi. Hahaha! Mwaona? Nanenso zayamba kundigwira, chonsecho lero ndi Lachinayi.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Mwavutika nafe kwambiri, bwana, kutiganizira osapuma. Chonde, kapumuleniko. Pitani ku Livingstone mukaone mathithi, mukakhale mwezi wathunthu, foni muisiye kunyumba ku Woodlands. Ba Dokotala okha atsale, adzatiyeze BP inu mutachoka. Ndikhulupirira kuti kafukufuku wawo adzatha sabata yomweyo.

Ine wanu wodzichepetsa, woseka mokhulupirika,
Tryness Ng'andu