Dzanja langa m'thumba la kampani ya mabatire

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchule, kuti wina asadzati ndikuwonjezera. Panali Che Mussa a golosale ya ku Thuchila, mayi Nasiyaya aphunzitsi opuma a ku Milonde, mwana wanga Fanuwelo, bwana wa kampani ndi tayi yake, ndi anthu ena odzaza holo ya pa Boma. Onsewa anandiona. Ena akusekabe.

Ine ndinali kapitawo ku esiteti ya tiyi. Ndikafuula kumunda kuno, a tsidya lina amaimika ntchito. Nditapuma, penshoni yanga ndinagula masheya mu kampani yokumba mwala wopangira mabatire a galimoto. Zaka zinadutsa, phindu osalionako. Amangotitumizira chibuku cha Chingerezi chokhala ndi zithunzi za anthu akumwetulira (ine kulemba kwanga ndi kwa pang'onopang'ono, Chingerezi amandiwerengera Fanuwelo, nayenso anati mulibemo yankho).

Tsono kampani itatiitana ife eni masheya ku msonkhano, ndinavala malaya oyera a kutchalitchi. Mafunso ndinali nawo m'mutu: mwalawo akugula ndani, pamtengo wanji, nanga ndalama zikulowera kuti?

Kutsogolo anaika thumba lotsegula, lodzaza ufa wakuda wonyezimira ngati mtima wa pensulo. Bwana uja anati, "Chuma chanu ndi ichi, makolo."

Apa ukapitawo unandidzukira. Ku esiteti thumba sitimalikhulupirira pamwamba. Wothyola tiyi wochenjera amaika mwala pansi, masamba pamwamba, ndiye umapisa dzanja mpaka pansi usanaike pa sikelo. Ndinaimirira.

"Bambo, khalani pansi," anatero Fanuwelo, akundikoka jekete.

"Ndisiye. Thumbali ndi langanso."

"Agogo, n'zongoona ndi maso zimenezo," anatero bwana.

"Maso anga aona zithunzi zanu zaka zonsezi, achimwene. Lero liona ndi dzanja."

Ndinapisa mpaka paphewa. Ndinafufuza kumanja, kumanzere. Mwala wobisa pansi munalibe, unali ufa wokhawokha (ndivomere, pamenepo sananame). Koma ufawo ndi woterera ngati therere. Wotchi yanga inavuka n'kutsalira pansi. Ndinapisa dzanja linalo kuti ndiifune. Kunali kotentha, thukuta lili kamukamu, ndiye ndinadzipukuta kumaso.

Kenako ndinatembenuka, n'kuyamba mafunso anga ndi mawu onse a kumunda. Ndinangoona mayi Nasiyaya akubisa nkhope m'chitenje. Che Mussa anati, "A Kapitawo, mukung'anima ngati sefuliya yokwecha ndi mchenga. Tikuikeni mu wailesi, mwina ilira."

Holo yonse inagwa ndi phwete. Bwana uja anaseka kuposa onse, nati mafunso a agogo adzayankhidwa pa kalata, tiyeni tikalandire zakumwa. Anthu anathamangira mabotolo. Palibe funso limodzi limene linayankhidwa, ndipo kalatayo mpaka lero.

Kondakitala wa minibasi anandiyalira katoni pampando. Malaya aja mayi a kunyumba akuti tsopano ndi opitira kudimba. Wotchi ikadali mu kampani, ndiye masheya anga awonjezereka.

Koma chaka chamawa ndikupitanso, ndipo sindidzatuluka asanandiuze wogula mwala wathu. Ndinamuuza Fanuwelo zimenezi tili m'minibasi muja. Iye anati:

"Tidzapita, bambo. Mafunso anu anali oona, bwana uja anatuluka thukuta mutangowayamba. Koma mudzayambe ndi pakamwa. Manjawo ndidzakugwirirani ine."